Makina Ochotsa Chinyezi M'nyumba Akaima N'kulemba Zilembo

Kabukuka talembera mabanja a kwathu amene akukhala ku Britain ndi ku Ireland, ngakhale zambiri mwa izi zingathandizenso a ku Cape Town, kumene mvula imagwa nyengo yozizira. Ambiri a ife tinawadziwira kumeneko makina ochotsa chinyezi m'nyumba, amene m'masitolo amagulitsidwa pa dzina loti dehumidifier. Kumudzi zovala timayanika pachingwe, dzuwa n'kumaliza ntchito, mazenera ali otsegula tsiku lonse. Koma ku Manchester kapena ku Glasgow, kuyambira Okutobala mpaka Malichi nyumba imakhala yotseka. Zovala zimayanikidwa m'kati, mphika wa nyemba umawira maola awiri, ndipo m'mawa magalasi a mazenera amapezeka akuchucha madzi. Pakapita milungu ingapo, kuseri kwa kabati ya zovala kumada bii ndi nkhungu.

Tsiku lina makina amene mumadalira aja amangoti zii, pagalasi lake pakuthwanima P2, kapena AS, kapena E1. Ena amawatulutsa panja poganiza kuti afa, ena amatenga sikuludiraiva kuti aone m'kati. Zonse ziwiri n'zolakwika. Nthawi zambiri zilembozo zimanena za madzi, kuzizira kapena fumbi, ndipo zimenezo mukhoza kuzithetsa nokha osalipira kalikonse. Zochepa zotsalazo n'zokhudza gasi ndi magetsi a m'kati, ndipo kumeneko musafikeko.

Makina anu ndi a mtundu uti?

Ambiri ndi okhala ndi kompuresa. M'kati mwake muli gasi woyenda m'timapaipi topindapinda. Fani imakoka mpweya wa m'chipinda n'kuudutsitsa pa timapaipi tozizira, ndipo chinyezi chimasanduka madontho, monga zimachitikira pa botolo la zakumwa lochokera m'firiji tsiku lotentha. Madonthowo amagwera m'thanki, mpweya n'kutuluka wouma komanso wofundirako. Makina otere amalemera, ndipo kompuresa ikayaka mumamva kulira kwapansipansi kuwonjezera pa kwa fani.

Ena alibe kompuresa kapena gasi. Ali ndi gudumu lozungulira pang'onopang'ono lomwe limayamwa chinyezi, ndi hita yaing'ono yoliumitsa. Pabokosi amalembapo kuti desiccant. Ndi opepuka, amatulutsa mpweya wotentha ndithu, amadya magetsi ambiri, koma amagwira ntchito ngakhale m'chipinda chozizira kwambiri.

Kudziwa zimenezi n'kofunika chifukwa matenda awo amasiyana. A kompuresa amavutika ndi kuzizira, pamene a gudumu amavutika ndi kutentha kwambiri sefa ikatsekeka.

Choyamba kuchita

Jambulani zilembozo ndi foni zisanazime. Kenako yang'anani kapepala komatidwa kumbuyo kapena m'mbali mwa makina, pamene palembedwa dzina la kampani ndi nambala ya mtundu wake. Jambulaninso pamenepo. Kampani iliyonse ili ndi zilembo zakezake, moti E1 pa makina a mnzanu ikhoza kutanthauza zosiyana ndi E1 pa anu. Woweruza ndi kabuku kamene kanabwera m'bokosi. Ngati kanatayika posamuka, lembani dzina ndi nambala ija pa intaneti, mukapeza.

Mukatero zimitsani makinawo ndi batani lake, dikirani fani isiye kuzungulira, zulani pulagi kukhoma, ndipo muwasiye mphindi 10. Mukalumikizanso musadabwe kuona fani ikuzungulira koma kompuresa ili chete. Makina ambiri amaichedwetsa dala mphindi 3 kuti isawonongeke. Zilembo zina zimabwera chifukwa magetsi anangothima n'kuyakanso, ndipo zimachoka ndi kuzimitsa komweku.

Pa makina a gudumu samalani: musamazule pulagi akugwira ntchito. Mukadina batani lozimitsa, fani imapitiriza kwa mphindi zingapo kuti iziziritse hita. Kuidula pakati ndi njira imodzi yowonongera makinawo.

P2, FL, kapena nyale ya thanki

Apa ndi pamene pali nkhani zambiri. Pa makina opangidwa ndi Midea, amenenso amagulitsidwa pa mayina ena ngati Comfee, P2 imatanthauza kuti thanki yadzaza kapena sinakhale bwino m'malo mwake. Makampani ena amalemba FL, ena amangoyatsa kanyale kofiira. Khuthulani madzi, bwezerani thanki, ndipo muikankhe ndi manja awiri mpaka ilowe yonse. Ikatsalira kunja ngakhale pang'ono chabe, makina amaona ngati palibe thanki.

Ngati thanki ilibe madzi koma zilembo zilipobe, itulutseninso, muyang'ane m'kati mwake pamalo owala. Pakona ina mupeza kachinthu koyandama, kapulasitiki kapena kathovu koyera kofanana ndi kamene amatchinjirizira katundu m'mabokosi. Madzi akamakwera kameneka kamakwera nawo, ndipo kakafika pamwamba kamauza makina kuti aime. Kagwedezeni ndi chala. Kayenera kukwera ndi kutsika mosavuta. Kawirikawiri kamakhala katamatirira m'mwamba chifukwa cha ndere zoterera zimene zimamera m'thanki yosatsukidwa. Tsukani ndi madzi ofunda ndi sopo wa mbale pang'ono, mukolope kumbali kwake ndi mswachi wakale, kayambiranso kuyenda.

Anthu ambiri akamatulutsa makina atsopano m'bokosi amakachotsa kathovu kameneka n'kukataya, poganiza kuti ndi zinyalala zopakirira. Musatero. Popanda iko makina ena sayaka n'komwe, ena amadzaza mpaka madzi kutayikira pakapeti. Ngati kanatayika kale, funsani kampani ikugulitseni thanki ina. Musamange kapena kumata kaswichi ka kumbuyo kwa thanki n'cholinga choti makina aziyendabe, chifukwa tsiku lina madzi adzafika pa nthambo za magetsi.

Onaninso ngati makinawo aima mowongoka. Pakapeti yofewa amapendekeka, ndipo thanki imaoneka yodzaza isanadzaze. Amene munalumikiza paipi yotulutsira madzi kusinki, onetsetsani kuti ikutsetsereka njira yonse, sinapindike, ndipo kumapeto kwake sikunamire m'madzi. Madzi akalephera kutsika ndi paipi amabwerera m'thanki.

Madzi a m'thankiwo amaoneka oyera koma si akumwa kapena kuphikira. Adutsa pa fumbi ndi pa zitsulo. Koloperani pansi kapena muwathire m'chimbudzi.

P1 ndi madzi oundana

P1 pa makina a Midea si vuto ayi. Makina akukuuzani kuti timapaipi tozizira tija tagwira madzi oundana, ndiye aimitsa kompuresa kuti asungunuke. Ena m'malo mwa zilembo amayatsa kanyale kokhala ndi chithunzi cha dontho kapena cha chipale. Asiyeni. Pakapita mphindi zingapo ayambiranso okha.

Chodetsa nkhawa ndi pamene P1 ikubwera pafupipafupi ndipo madzi m'thanki ndi ochepa. Apa funsani kaye kuti chipindacho n'chozizira bwanji. Makina a kompuresa ambiri amalembedwa kuti amagwira ntchito pakati pa madigiri 5 ndi 35, koma zoona zake n'zakuti kutentha kukatsika pansi pa madigiri 15 mphamvu yawo imachepa kwambiri, ndipo nthawi yochuluka amaithera posungunula madzi oundana. Tikudziwa chifukwa chake mabanja ambiri amazimitsa mahita m'zipinda zina: bilu ya gasi ndi magetsi imapweteka, ndipo kumudzi akudikira ndalama. Komabe makina oikidwa m'chipinda cha madigiri 10 amangodya magetsi pachabe. Ndi bwino kufunditsa chipindacho pang'ono, kapena kusamutsira makina ndi zovala zomwe kumalo ofundirako. Ngati malowo ndi galaja kapena chipinda chapansi chosafundika, ofunika kumeneko ndi makina a gudumu aja.

Mukachotsa sefa mumatha kuona timapaipito. Ngati madzi oundana akuta ponseponse mofanana, vuto ndi kuzizira kapena mpweya wosadutsa bwino. Koma ngati chipinda n'chofunda, sefa ndi yoyera, ndipo madzi oundana agwira pakona imodzi yokha kwinako kuli kouma, ndiye kuti gasi akuchepa. Za zimenezo tinena kutsogoloku. Musapale madzi oundanawo ndi mpeni kapena chitsulo chilichonse. Timapaipito n'topyapyala kwambiri. Zimitsani, ikani thaulo pansi, asungunuke okha.

Sefa

Kumbuyo kwa makina kuli sefa yomwe imangosololoka ndi dzanja. M'nyumba yoyanikamo zovala imatsekeka msanga ndi ulusi wa nsalu, tsitsi ndi fumbi la kapeti, mpaka kupanga chikopa chotuwa chomwe mukhoza kuchisenda ndi zala. Mpweya ukalephera kudutsa, makina a kompuresa amaundana, a gudumu amatentha n'kuzima okha, ndipo onse amatha kulemba zilembo zooneka zoopsa. Yeretsani sefa milungu iwiri iliyonse. Iyeretseni ndi makina oyamwa fumbi, kapena muitsuke ndi madzi ofunda ngati ndi ya pulasitiki, n'kuiumitsa bwinobwino musanaibwezere. Sefa ina yoyera ya mapindimapindi, yolembedwa HEPA, sitsukidwa ayi, imasinthidwa. Makina ena amayatsa kanyale kokumbutsa za sefa akagwira ntchito maola 250, ndipo kamazima mukadina batani lake mutayeretsa.

Asiyireninso makinawo mpata wosachepera masentimita 20 kuchokera kukhoma, kumakatani ndi kusofa. Musayanike chovala pamwamba pake, ngakhale sokosi.

AS, ES, E1, E2

Izi kawirikawiri zimanena za tizipangizo toyezera. M'makina muli kena koyeza chinyezi cha mumpweya, ndi kena komatidwa pa timapaipi koyeza kuzizira kwake. Pa makina a Midea, AS ndi vuto la koyezera chinyezi, ES ndi la kapatimapaipi. Makampani ena ambiri amagwiritsa ntchito E1 ndi E2 pa zomwezo.

Musanataye mtima, ganizani za kumene makinawo akhala. Ngati anagona m'galimoto kapena m'shedi usiku wozizira n'kulowetsedwa m'nyumba yofunda, m'kati mwake mumachita mame ndipo kachipangizo kamasokonezeka. Chimodzimodzinso ngati anaikidwa pafupi ndi mphika wowira kapena pakhomo la bafa nthunzi ili tolotolo. Zulani pulagi, muwaike m'chipinda chouma ndi chofunda usiku wonse. M'mawa kokani fumbi pa timabowo tolowera mpweya, sefa mutaichotsa, kenako yatsani. Nthawi zambiri zilembo zimachoka.

Zikabwereranso kawiri kapena katatu mutachita zonsezi, kachipangizoko kafa kapena kawaya kake kamasuka m'kati. Imeneyo ndi ntchito ya wokonza. Kachipangizoko sikadula kwenikweni, koma kuti mukafikire muyenera kutsegula thupi la makina, ndipo mmenemo muli chosungira mphamvu ya magetsi chimene chingakugwireni ngakhale pulagi ili yozula. Kutsegulako kumathetsanso chitsimikizo cha kampani.

Mukaona LO kapena HI pa makina ena, si kuwonongeka. Akunena kuti chinyezi chatsika kapena chakwera kupyola pamene amatha kuwerenga.

EC: apa imani

Pa makina a Midea amene ali ndi chizindikirochi, EC imatanthauza kuti makina akukayikira zoti gasi akutuluka. Zimitsani, yeretsani sefa, yesaninso kamodzi m'chipinda chofunda. Ikabwereranso, musapitirize.

Werengani kapepala ka kumbuyo kaja. Makina ambiri atsopano amalembedwa R290, ndipo pambali pake pali chithunzi cha lawi la moto. Gasi ameneyu ndi propane, yemwe amayaka, ndipo akamatuluka mwina simungamve fungo lililonse. N'chifukwa chake timabuku take timaletsa kuwagwiritsa ntchito m'kachipinda kochepera masikweya mita 4. Ngati paipi yabooka kapena mukumva kufwiii, tsegulani mazenera, musayatse machesi, kandulo kapena chitofu, ndipo mutulutse ana m'chipindamo kufikira mpweya utasintha.

Kunena chilungamo, makina ang'onoang'ono a m'nyumba akataya gasi sakhala oyenera kukonzetsa. Timapaipi take n'totsekeratu, ndipo ndalama ya mmisiri imayandikira mtengo wa atsopano. Ngati chitsimikizo chilipo, abwezeni. Ngati chinatha, apititseni kumalo a khonsolo olandirira zipangizo zamagetsi zakutha. Salowa m'bini ya pakhomo.

Pamene palibe zilembo koma madzi sakubwera

Nthawi zina makina ndi abwinobwino, koma tikuyembekezera zoposa mphamvu yake. Malita 12 kapena 20 patsiku olembedwa pabokosi amayezedwa pa madigiri 30 ndi chinyezi cha 80 peresenti. M'nyumba ya ku Leeds mwezi wa Januwale simudzapeza zimenezo. Komanso m'masiku oyamba thanki imadzaza msanga, kenako nyumba ikauma madzi amachepa, ndipo kumeneko ndiye kupambana.

Onani nambala ya chinyezi imene munaika pa makina. Ngati munaika 60 ndipo chipinda chili pa 58, makina apumula chifukwa afika pamene munawatuma. Ikani pa 50 kapena 55. Nkhungu imakonda malo amene chinyezi chimakhalitsa pamwamba pa 70 peresenti, ndipo kutsika pansi pa 40 n'kuwononga magetsi komanso kuumitsa kukhosi. Kachipangizo koyezera chinyezi kam'manja n'kotchipa, ndipo kamakuthandizani kudziwa ngati makina akuwerenga molondola. Kusiyana kwa 5 peresenti si nkhani.

Mukafuna kuwayesa kotheratu, yanikani zovala zongochapidwa kumene m'chipinda chofunda, tsekani chitseko ndi zenera, ikani makina pa batani la zovala kapena loyenda mosalekeza, muwasiye maola 4. Mukapeza madzi m'thanki, makina ali moyo. Mukapeza thanki youma chonsecho kompuresa inkalira, mwina gasi watha.

Ngati sakuyaka n'komwe, yesani soketi ina. Mapulagi a ku Britain ndi ku Ireland, omwenso ndi ofanana ndi a ku Malawi, ali ndi fyuzi m'kati. Isintheni ndi ina ya nambala yofanana ndi yomwe munapezamo. Ikapsanso, siyani pomwepo. Ndipo makina a kompuresa akanyamulidwa chogona, monga posamuka, aimikeni maola angapo musanawayatse, kuti mafuta a kompuresa abwerere m'malo mwake. Timabuku tina timati tsiku lathunthu.

Zizindikiro zozulira pulagi nthawi yomweyo

Fungo la pulasitiki yopserera, pulagi kapena nthambo yotentha moti simungaigwire, thupi la makina losungunuka kapena losintha mtundu, kuthetheka m'kati, kapena magetsi a nyumba yonse kuthima mukangowayatsa. Chimodzi mwa izi chikaoneka, makinawo asayakenso, kaya pagalasi palembedwa chiyani.

Sitikuopseza chabe. M'chaka cha 2013, ku America anaitanitsa makina oposa 2 miliyoni opangidwa ndi kampani ya Gree chifukwa ena ankatentha mpaka kuyaka moto. Amene mumagula makina ogwiritsidwapo kale ntchito pa Facebook, fufuzani nambala yake pa tsamba la boma la gov.uk, pamene amalengeza katundu woitanitsidwa. Lumikizani makina kusoketi ya pakhoma mwachindunji, osati pa ekisitenshoni yomwe yanyamula kale hita ndi ayironi. M'bafa musawalowetse. Aimikeni panja pa chitseko mukatha kusamba.

Kubweza kumene munagula

Ku Britain lamulo la Consumer Rights Act la 2015 limakutetezani mukagula kusitolo kapena kwa wamalonda pa intaneti. Katundu akapezeka ndi vuto m'masiku 30 oyamba, muli ndi ufulu womubweza n'kulandira ndalama zanu zonse. Kupitirira pamenepo wogulitsa ayenera kukonza kapena kukupatsani wina, ndipo m'miyezi 6 yoyamba lamulo limaona ngati vutolo linalipo kale pogula pokhapokha wogulitsayo atasonyeza kuti si choncho. Amene mumayamba kulankhula naye ndi wogulitsa, osati fakitale. Tengani risiti kapena imelo yogulira, ndi zithunzi ziwiri munajambula zija. Ife timakonda kuchita manyazi podandaula, makamaka m'dziko la eni, koma apa simukupempha chifundo. Mukagula kwa munthu wamba chitetezo chimenechi chimachepa kwambiri, choncho muuzeni awayatse muone musanapereke ndalama.

Chimene makinawa sangathetse

Makina amachotsa madzi a mumpweya, ochokera kuphika, kusamba, kupuma ndi kuyanika. Vindikirani miphika, yatsani fani ya kukhitchini ndi ya kubafa, tsegulani zenera kwa mphindi zingapo m'mawa, ndipo ntchito yawo ichepa. Koma ngati denga likudontha, paipi yabooka m'khoma, kapena khoma lanyowa kuchokera pansi penti n'kumasendeka, mukhoza kukhuthula thanki katatu patsiku chaka chonse, khomalo losauma. Limenelo ndi vuto la nyumba, ndipo udindo wake ndi wa landilodi.

Mu Disembala 2020, mwana wa zaka 2 wa ku Rochdale, Awaab Ishak, anamwalira, ndipo mu 2022 bwalo lofufuza za imfa linapeza kuti anadwala m'chifuwa chifukwa chopuma nkhungu ya m'nyumba kwa nthawi yaitali. Bambo ake anali atadandaula kambirimbiri. Imfa imeneyi inabala lamulo lotchedwa Awaab's Law. Kuyambira pa 27 Okutobala 2025, eni nyumba za khonsolo ndi za mabungwe a nyumba ku England ayenera kufufuza dandaulo la chinyezi ndi nkhungu yoopsa m'masiku 10 ogwira ntchito. Amene mukuchita lendi kwa munthu wamba ndipo sakukuyankhani, kauzeni a zaumoyo a kukhonsolo ya dera lanu, ali ndi mphamvu zobwera kudzaona nyumbayo.

Landilodi akakupatsani makina ochotsa chinyezi, alandireni, koma musalole kuti nkhani ithere pamenepo ngati khoma likunyowabe. Jambulani nkhunguyo, lembani dandaulo pa imelo kapena pa uthenga wa pafoni kuti pakhale umboni wa tsiku, ndipo musunge mayankho onse. Ngati mwana akutsokomola usiku kapena akubanika, pitani naye kwa dokotala ndipo mumuuze za mmene nyumbayo ilili.